Mkwiyo wa Gladness

Santhe, Kasungu
21 Januwale 2024

Alamu a Yassin,

Landirani moni ku Durban uko. Ndikhulupirira muli bwino ndipo ntchito ya m'sitolo ikuyenda. Ine ndilipo, ngati kukhala pamphasa kudikira kuti dzuwa lilowe ndiko kukhalapo. Kalatayi ndapatsira a Cornelius oyendetsa thiraki aja, chifukwa foni ndilibe. Mumva chifukwa chake.

Za imfa ya mng'ono wanu Adam munamva, koma simunamve zonse. Njinga ya moto itamugwetsa pamatope paja, anabwera naye m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale. Amuna ananyamula jeneza, ife akazi tinatsala pakhomo monga mwa lamulo. Ine mkazi wake ndinangoona misana ya anthu ikukhota pachigayo, basi. Mpaka lero sindidziwa kuti mwamuna wanga wagona pansi pa mtengo uti.

Pokwatiwa ndinasilamuka ndi mtima wonse, ndipo eda ndikusunga bwinobwino. Miyezi inayi ndi masiku khumi sindituluka m'nyumba muno, palibe akundikakamiza. Chimene chikundiwawa n'china. Amalume anu a Khamisi asonkhanitsa zonse za Adam, kuyambira mabatire otchajira mafoni a anthu mpaka lumo lometera ndevu, atsekera m'bokosi lachitsulo kusitolo kwawo, ati mpaka tsiku logawa. Mafoni onse awiri ali momwemo, ngakhale yanga yosweka galasi ija, ati poti anagula ndi Adam.

Alamu, inu nokha ndi amene mungandimvetse, poti gemu ija munatiphunzitsa ndinu. M'foni ya Adam muli munthu wake wandevu uja, ndi lupanga limene tinalikhwimitsa awiri. Masana makasitomala akasowa, iye ankapita kukamenyana ndi zilombo kusaka miyala, ine n'kumasula pachipala ndi munthu wanga wa m'foni yoswekayo. Kawiri konse linatiswekera chifukwa cha phuma lake, ine n'kukana kumulankhula mpaka mawa lake. Lachitatu ndi limene linapirira, patatha nyengo ziwiri za fodya. Analitcha Mkwiyo wa Gladness, ati poti likangokhudza munthu amayaka.

Chonde lankhulani ndi amalume kuti lupanga limenelo lisatayike. Ndi chokhacho chimene ndatsala nacho. Mukapeza mpata munditumizireko sopo ndi mafuta odzola, kuno zinthu zavuta.

Ndine mlamu wanu,
Gladness


Santhe, Kasungu
4 Febuluwale 2024

Mwana wanga Yassin,

Asalamu aleikumu. Kuno Mulungu akutisunga. Mayi ako a Khadija akudya pang'onopang'ono tsopano. Mvula ikugwa bwino ndipo matenanti ayamba kuthyola fodya, koma malonda m'sitolo ali zii mpaka msika utatsegulidwa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni paja timangokuwirana, makutu anga ukuwadziwa.

Ndikukonzekera arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi ya mng'ono wako, ndiye usaiwale mbali yako ya mpunga. Koma nkhani imene yandisowetsa mtendere ndi iyi. Anyamata a pamsika pano akuti Adam anali ndi lupanga lamtengo wapatali. Ndafufuza m'nyumba, kudenga, ngakhale kuseri kwa bafa, ndangopeza chikwanje chobuntha. Nditafunsa mtengwa wathu Gladness kuseri kwa katani, wandiyankha kuti lili m'foni. Ndamufunsa kuti chithunzi chake kapena chiyani, iye akuti ayi, lupanga lenilenilo. Wanenanso kuti analikhwimitsa. Mawu amenewo sanandisangalatse. M'banja mwathu sitikhwima, ndipo ngati mwanayu anapita kwa asing'anga undiuze msanga ndikaonane ndi a shehe.

Ena akuyesa ndatsekera katunduyu chifukwa cha dyera. Ine ndakalamba, lumo la Adam ndichita nalo chiyani? Ndikuopa Mulungu. Chuma cha womwalira, ngakhale singano, chiyenera kufika kwa eni ake monga mwa lamulo, mayi gawo lawo, mkazi gawo lake, iwe gawo lako. Ndikaphonya kanthu, tsiku lachiweruzo adzafunsa ine, osati anyamata a pamsika.

Tsono undifotokozere bwinobwino. Lupangali ndi chuma kapena ndi masewera? Ngati ndi chuma, ligawidwa bwanji?

Ndine malume ako,
Khamisi


Durban
19 Febuluwale 2024

Amalume,

Waleikumu salamu. Makalata onse awiri, yanu ndi ya alamu, andipeza tsiku limodzi. Ine ndili bwino, kungoti mtima sunakhazikike chifukwa sindinaponyeko dothi pamanda a mng'ono wanga. Za mpunga ndapatsira a Cornelius, pamodzi ndi nsalu ya amayi.

Choyamba mtima ukhale m'malo, palibe sing'anga pankhaniyi. Kukhwimitsa ndi mawu athu chabe ocheza. Gemuyi ndi dziko lopeka la m'foni, mmene anthu ochokera kulikonse amakumana, aliyense ndi munthu wake amene amamuyendetsa ndi zala. Lupanga wamba aliyense amatha kuligula mmenemo, ndipo silipha ngakhale khoswe. Koma limakhala ndi mabowo atatu. M'mabowomo mumalowa miyala yamphamvu, wina wa moto, wina wa mphenzi, wina wa chisanu, ndipo miyalayo imapezeka ukagonjetsa zilombo zoopsa. Ukaipeza umapita nayo kwa wosula kuti aikhomerere.

Apa ndiye pali nkhani. Wosula akamenya nyundo kamodzi, mphamvu imakwera. Akamenyanso, imakweranso, koma lupanga likamakwera ndi pamenenso limasweka msanga. Ambiri amalekera panjira poopa kutsala ndi phulusa. Adam ndi alamu sanaleke, anafika nalo pamapeto penipeni, ndipo malupanga otere ndi owerengeka. Wosula wake anali alamu, manja awo osokera fodya aja sanjenjemera.

Vuto ndi lakuti lupanga likakhwima limamatirira kwa mwini wake. Silipatsika, siligulitsika palokha, siligawika. Njira yokha yolichotsera m'manja mwake ndi kuliphwanya dala pachipala, n'kupulumutsapo mwala umodzi, koma zimenezo angachite ndi wamisala yekha. Choncho wofuna lupangalo amagula munthu yense, ndi dzina lake lomwe.

Ndiye yankho ndi lakuti ndi chuma ndithu. Alamu andilembera kuti lisatayike ndipo zinthu zawavuta, ndiye ine ndathamanga. Ndalankhula ndi Fumbani, kalaliki wa pa esiteti ya kufupi ndi Njombwa, amene ankasewera nafe. Walisirira lupangali kuyambira kale. Akuti fodya akangoyamba kugulidwa, apereka ndalama zokwana kugula njinga ya moto. Mugawe zimenezo, alamu apezepo poyambira. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nambala yotsegulira foni akuidziwa ndi alamuwo, muwauze kuti mlamu wawo sanagone.

Ndine mwana wanu,
Yassin


Santhe, Kasungu
9 Malichi 2024

A Yassin,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ndikufuna. Ndikhulupirira muli bwino. Sopo sindinamuone, ndipo musavutikenso naye.

Amalume andiwerengera kalata yanu ali kuseri kwa katani, mokweza ngati akulengeza pamsika. Atafika pa njinga ya moto anaima kudikira kuti ndilulute. Njinga ya moto, alamu! Chinthu chomwecho chimene chinandiphera mwamuna ndicho mwachisandutsa muyeso wake?

Ndinati lupanga lisatayike, sindinati ligulitsidwe. Ndikapempha sopo ndiye kuti ndapempha sopo. Inuyo mukudziwa bwino kuti munthu wa m'foni uja Adam anamuumba yekha, ndevu zake zomwe zija, ndi chipsera cha pachipumi chimene munamupweteka ndi khasu muli ana. Pamwamba pa mutu wake palembedwa kuti Adam wa ku Santhe, ndipo dzina limenelo silisinthika. Tsono mukufuna tsiku lina ndidzalowe pachipala panga, ndidzaone Adam akubwera poteropo, akundiimikira dzanja, koma zala zomuyendetsa zili za Fumbani? Fumbani amene amayeza chimanga cha matenanti ndi chitini chophwanyika pansi? Kwathu chokolo amalowa mkazi wamoyo. Inu mwayambitsa chokolo cholowa mwamuna wakufa.

Ine ndine mwana wa tenanti. Bambo anga anachoka ku Phalombe ine ndili kumsana, ndipo chaka chilichonse amafesa, amaokera, amathyola, ife n'kumasoka masamba mpaka zala kuda bii ndi phula la fodya. Belo ikamakwera thiraki, dzina lolembedwapo limakhala la munthu wina. Ndinakula ndikuona zimenezo ndipo ndinazolowera kumeza malovu. Lupanga lija ndi chinthu choyamba chimene manja anga anapanga n'kulembedwa dzina langa.

Ndawapempha amalume kuti gawo langa lonse atenge, mabatire, mashelefu, mbale, zonse, andisiyire mafoni awiriwo. Akana. Akuti lamulo silisinthanitsa ngati tomato, chilichonse chiyenera kuyesedwa mtengo wake poyamba, ndipo mtengo wa foni ya Adam tsopano ndi umene Fumbani watchula. Sindikuwada. Akuopa Mulungu, ndipo ndawamva akulira okha kuseri kwa nyumba. Amene mwawapatsa mtengowo ndinu.

Ramadani ikuyamba, ndipo ndimanga nawo ngati wina aliyense. Ikatha, Fumbani akubwera. Mwalemba kuti ndi wamisala yekha angaphwanye lupanga lotere. Pajatu wamisala anaona nkhondo.

Gladness


Durban
2 Epulo 2024

Alamu,

Moni, ngati mungaulandire. Kalata yanu yachedwa chifukwa thiraki ya a Cornelius inakhalitsa pachipata cha malire, ndipo nditaiwerenga ndinakhala pansi m'sitolo mpaka bwana anandifunsa ngati kwagwanso maliro ena.

Ndinalakwa kumva. Ndinaona mawu akuti zavuta, mutu wanga n'kuthamangira ku ndalama, poti kuno munthu akalemba kalata amafuna zimenezo. Za chipsera chija sindinaganizeko n'komwe. Dzulo ndinalowa m'gemu, ndinapeza dzina lake pa anzanga, lili lotuwa, losayaka. Ndinaganiza za tsiku limene lidzayakenso popanda iye, ndipo ndinazimitsa foni.

Ndawaimbira amalume koma sitinamvane, amangoti aleikumu salamu, mpunga unafika. Fumbani sakuyankha mafoni anga, wadziwa chimene ndikufuna. Ndawalembera amalume kalata ina kuti aimitse zonse mpaka ndidzabwere pa Disembala.

Mawu anu otsiriza aja andiopsa. Alamu, musaphwanye. Lupanga limenelo likasweka silibwereranso, ngakhale eni gemu sangalibweze. Nyengo ziwiri za fodya zili mmenemo, ndi manja a Adam omwe. Dikirani pang'ono, tipeza njira ina. Sopo ndi mafuta ndatumiza ulendo uno, mukane kapena mulandire.

Ndine mlamu wanu wopusa,
Yassin


Santhe, Kasungu
19 Meyi 2024

Yassin,

Asalamu aleikumu. Tonse tili moyo. Kalata yako yoti ndiimitse zinthu yafika dzana, madzi atatayika kale. A Cornelius anadwala malungo ku Tete, makalata anagona nawo kumeneko. Ndikufotokozera zimene zachitika kuti usamve za pamsika.

Eda itatha tinakhala pakhonde masana, ine, mayi ako, a shehe, mtengwa wathu, ndi Fumbani amene anabwera ndi ndalama zake mu jumbo. Zina zonse tinagawa mwamtendere. Titafika pa foni, Fumbani anati aone kaye katundu. Gladness anapempha mafoni onse awiri, ndipo ine ndinapereka ndi manja angawa.

Ndinavala magalasi n'kusendera pafupi. Mwana wanga, sunandiuze kuti munthuyo ndi Adam. Ndevu, chipsera, ngakhale kaimidwe kokhotetsa phewa kaja. Mayi ako atangomuona anagwira pakamwa. Kumsana kwake kunali lupangalo, likuyaka ngati chigafa chogwira moto. Fumbani anayamba kumwetulira.

Mtsikanayu anamuyendetsa Adam mpaka pachipala, n'kuika lupanga pansi. Fumbani ndiye anayamba kuzindikira, anakuwa kuti, "Mayi, batani limenelo ayi!" Akuti foniyo inafunsa kawiri ngati watsimikiza. Iye anayankha kawiri konse osaphethira. Kunamveka kulira kwa nyundo, moto uja n'kuzima.

Ndinaimirira ndi ukali. Ndinati, "Mwana iwe, wawononga chuma cha amasiye pamaso pa a shehe!" Iye osandiyang'ana n'komwe. Anayamba kumuvula Adam zovala zachitsulo, chisoti, nsapato, mphete, kutaya chimodzichimodzi, mpaka anatsala ndi kansalu koyera kamene akuti aliyense amayamba nako. Kenako anandionetsa foniyo nati, "Amalume, si inu munandiphunzitsa kuti Msilamu amapita ndi sanda yokha? Uyo munakamuika nokha amuna, ine sindinaone. Uyu ndamuika ine."

Fumbani ananyamula jumbo yake, akuti munthu wopanda lupanga sangamugule ngakhale ndi mtengo wa nkhuku. Anachoka osatsanzika.

A shehe anati nkhani yotere sanaionepo m'buku lililonse. Tagwirizana kuti chimene waphwanyacho chiwerengedwe ngati gawo lake, ndipo chapitirirapo. Chopitiriracho mayi ako akhululuka pomwepo, gawo lako unene wekha. Iye achoka ndi zovala zake ndi mafoni awiri aja, palibenso china. Nditamuuza, anayankha kuti, "Si zomwezo ndinapempha mu Malichi?" Mwano wake!

Ndakwiya ndipo ndidakali wokwiya. Akanakhala ndi poyambira, tsopano akubwerera kuchigafa kwa bambo ake chimanjamanja. Koma ndisakubisire, mayi ako anapempha foni ija, anamuyang'ana mwana wawo ali m'nsalu yoyera, ndipo analira kulira kumene sanalire tsiku la maliro. Chiyambire tsiku limenelo akudya bwino. Unandiuza za mabowo ndi miyala, koma dzina la lupangalo ndamva kwa Fumbani. Amene analitcha ankamudziwa mkazi wake.

Ndine malume ako,
Khamisi


Njombwa, Kasungu
8 Juni 2024

Alamu a Yassin,

Moni, ndipo ulendo uno ndi wochokera pansi pa mtima. Ndikhulupirira kuzizira kwa kumeneko sikunakupheni. Ine ndili kwa bambo ndi mayi pa esiteti, tikumaliza kusankha fodya wotsala. Sopo ndalandira, mafuta omwe, zikomo. Fungo la fodya lamugonjetsa kale sopoyo, koma wayesetsa.

Kalata yanu ya mu Epulo inandipeza zonse zitatha. Musadziimbe mlandu kuti ikanafika msanga zinthu zikanasintha. Ndikanaphwanyabe. Mukanabwera pa Disembala, Fumbani akanabweranso pa Januwale ndi jumbo yokulirapo, ndipo tsiku lina amayi akanadwala, ndalama n'kufunika, ine ndemwe n'kuyamba kuganiza kawiri. Chinthu chikakhala ndi mtengo chimapeza wogula. Ndinachichotsa mtengo.

Musayese sizinandiwawe. Chala changa chili pa batani lija ndinamva mawu a Adam akuti, "Menyanso kamodzi, Gladi, usaope," monga ankanenera tikamakweza lupanga. Masiku onse aja ndinkamenya ndikupemphera kuti lisasweke. Pakhonde paja sindinagwetse msozi chifukwa Fumbani analipo, koma nditalowa m'nyumba ndinalira mpaka mawu anatha.

Ena pano akundiseka, ati mtsikana anatentha njinga ya moto chifukwa cha chidole. Fumbani akamayeza chimanga chathu amandiyang'ana ngati ndinamubera. Ndimamuyang'ananso mpaka chitini chidzaze bwino.

Adam ndinamuyendetsa komaliza mpaka paphiri lija la kumpoto kwa mudzi wa m'gemu, pamene sipafika zilombo, pamene tinkakonda kuima tikatopa. Ndamusiya pamenepo ndi nsalu yake yoyera, ndipo gemuyo ndaichotsa m'foni mwake. Nambala ili m'mutu mwanga ndipo idzapita nane. Dzina lija mukaliona lotuwa, dziwani kuti silidzayakanso, ndipo mtima wanu ukhale pansi.

Tsiku lochoka ku Santhe amalume anakana kuti ndikwere kabaza, anandiperekeza okha wapansi, nkhope ili gwa. Titadutsa pachigayo anaima m'mbali mwa msewu ngati akonza nsapato. Kenako analoza ndi chibwano kumanda, nati, "Mthethe wachiwiri uwo, wopendekera kumadzulo." Anayang'ana kumbali kundipatsa mpata. Nditatha anangoti, "Tiye, mwana wamwano iwe," ndipo anandinyamulira chikwama mpaka pasiteji.

Za gawo lanu lopitirira lija, amalume akuti munene nokha. Nenani, sindikuopa.

Mwala umene unapulumuka ndi wa moto. Uli ndi munthu wanga wosula, m'foni yosweka galasi ija, ndipo sindinauike pa lupanga lililonse. Mukafuna kukhwimitsa lanu, sakani miyala yanu mubwere nayo pachipala, manja anga sanaiwale. Koma uwu wokha, aliyense wofunsa mtengo wake, kaya ndi inu alamu, adzadziwa chifukwa chake Adam anasankhira lupanga dzina lija.

Ndine mlamu wanu mpaka kalekale,
Gladness